Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique: mafunso ndi mayankho kwa abale a m'Harare

Ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa kuli mabanja ambiri amene pakhomo amayankhula Chichewa kapena Chinyanja. Ena makolo awo anachokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi, ena ku Angónia ndi madera ena a ku Tete. Pamaliro, akuluakulu akakhala pamoto usiku, mawu oti "nthawi ya Matsanga" salephera kumveka, koma amangowatchula n'kukhala chete. Achinyamata obadwa nkhondo itatha amatsala ndi mafunso. Tasonkhanitsa ena mwa mafunsowo ndi kuwayankha mosabisa, chifukwa nkhondoyi sinali yakutali. Inakonzedwa mumzinda uno, inasefukira m'Malawi, ndipo ambiri amene inawabalalitsa tikukhala nawo m'mizere ya nyumba yomweyi.

Kodi ankamenyana ndani, ndipo zinatenga zaka zingati?

Mbali imodzi linali boma la Frelimo, chipani chimene chinamenyana ndi Apwitikizi kuyambira 1964 n'kulandira ufulu pa 25 Juni 1975, a Samora Machel ali patsogolo. Mbali inayo linali gulu la Renamo, limene poyamba linkadziwika ndi zilembo zoti MNR. Boma linkawatchula kuti zigawenga, koma anthu wamba ankangoti Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa, amene anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979. Amene anamulowa m'malo ndi Afonso Dhlakama.

Ambiri amawerenga kuyambira 1977 mpaka pa 4 Okutobala 1992, tsiku limene mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano ku Rome. Musaisokoneze ndi nkhondo yochotsa atsamunda, imene inatha mu 1974, kapenanso ndi chipwirikiti cha ku Cabo Delgado chimene chinayamba mu 2017. Zimenezo n'zina.

N'zoona kuti Renamo inabadwira kuno?

Inde, pa nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Salisbury. Mu Malichi 1976 a Machel anatseka malire a dziko lawo ndi Rhodesia (Zimbabwe ya lero), ndipo analola asilikali a Zanla, omenyera ufulu wa Zimbabwe, kumanga misasa ku Mozambique. Boma la Ian Smith linabwezera m'njira ziwiri. Yoyamba inali yoonekera: kuwoloka malire n'kukathira nkhondo pamisasa, monga ku Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi ku Chimoio mu Novembala 1977, kumene kunafa anthu ochuluka zedi, pakati pawo amayi ndi ana.

Yachiwiri inali yamseri. Bungwe la akazitape la Rhodesia, la CIO, lotsogozedwa ndi Ken Flower, linatolera anthu amene anali ndi mangawa ndi Frelimo: amene anagwirapo usilikali wa Apwitikizi, othawa m'misasa yachilango, ndi ochotsedwa m'gulu lankhondo la boma. Linawaphunzitsa ku Odzi, pafupi ndi Mutare, n'kuwapatsanso wailesi yotchedwa Voz da África Livre. Ntchito yawo inali kuzonda a Zanla ndi kuphwanya milatho ndi njanji.

Zimbabwe italandira ufulu mu Epulo 1980, gululi likanafota. Koma a ku Rhodesia asanachoke pampando analipereka m'manja mwa asilikali a South Africa ya tsankho, amene analisamutsira kufupi ndi Phalaborwa. Kumeneko n'kumene linanenepera, zida zikumaponyedwa ndi ndege usiku ndi kutsitsidwa pagombe. Pa 16 Malichi 1984 a Machel ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, anasainirana pangano la Nkomati: Mozambique ileke kusunga zida ndi asilikali a ANC, gulu lolimbana ndi tsankho ku South Africa, ndipo South Africa ileke kudyetsa Renamo. Mozambique inasunga mbali yake. South Africa sinasunge.

Ngati linali gulu lopangidwa ndi adani akunja, bwanji anthu ena akumidzi ankalithandiza?

Apa m'pamene ambiri safuna kuyankha, koma yankho lilipo. Frelimo inachita zazikulu m'zaka zake zoyambirira. Katemera anafika pafupifupi m'dziko lonse, ana a sukulu zapulayimale anachuluka kwambiri, ndipo zipatala zing'onozing'ono zinamangidwa kumene Mpwitikizi sanaganizeko n'komwe. Komabe boma lomwelo linalakwira anthu akumidzi kwambiri. Mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata chikomyunizimu. Mafumu anachotsedwa pamipando ponenedwa kuti anali zida za atsamunda. Chinamwali, asing'anga ndi nsembe za mizimu zinkatchedwa umbuli. Sukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa. Anthu anasamutsidwa m'minda ya makolo awo, kusiya manda ndi mitengo yawo ya zipatso, n'kukaunjikidwa m'midzi yaboma, kumene nthawi zambiri munda unali kutali ndipo nthaka inali ya fuko lina. Mu 1983 kunabwera Operação Produção, pamene anthu osowa ntchito m'mizinda anagwidwa n'kukatayidwa ku Niassa kuti akalime, ambiri opanda khasu kapena mbewu.

Renamo inkafika m'mudzi n'kunena kuti mfumu ibwerere pampando, anthu abwerere kumabwinja awo, mizimu ipatsidwe ulemu. Kwa munthu wolandidwa munda, mawu amenewo anali okoma. Ambiri anazindikira mochedwa kuti mtengo wake unali chimanga chawo, ana awo aakazi ndi anyamata awo. Tisaiwalenso kuti asilikali ambiri a Renamo sanalowe mwakufuna kwawo. Anachita kugwidwa, n'kupititsidwa kutali ndi kwawo kuti asadziwe njira yothawira.

Kumenyana kwake kunkachitika bwanji?

Sikunali kwa magulu awiri oyang'anizana pabwalo. Boma linagwira mizinda ndi maboma, Renamo inagwira tchire, ndipo anthu wamba anali pakati. Renamo inkasankha chilichonse chosonyeza kuti boma lilipo: sukulu, chipatala, sitolo, chigayo, mphunzitsi, namwino, mlembi wa chipani. Inkabisalira mabasi ndi malole n'kuwatentha. Kudula anthu makutu, milomo kapena mphuno inali njira yotumizira uthenga kumudzi wonse.

M'madera amene inkalamulira munali dongosolo lotchedwa gandira: anthu ankalimira asilikali, kuwasenzera katundu maulendo a masiku ambiri, ndipo amayi ankakakamizidwa kugona nawo. Wotopa panjira ankamenyedwa kapena kuphedwa. Oyang'anira anthuwo ankatchedwa majiba, mawu amene a kuno akuwadziwa bwino kuchokera ku nkhondo ya Zimbabwe. Ana aamuna a zaka khumi kapena kucheperapo ankapatsidwa mfuti.

Mu Julayi 1987 ku Homoíne, m'chigawo cha Inhambane, kunaphedwa anthu oposa 400 tsiku limodzi, ena ali pamabedi m'chipatala. Chaka chotsatira Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'misasa yosiyanasiyana, analemba kuti Renamo iyenera kuti inali itapha anthu wamba osachepera 100,000. Lipoti limeneli linatseka pakamwa andale a ku Washington amene ankafuna kuti Renamo ipatsidwe thandizo.

Asilikali a boma nawonso sanali oyera m'manja. Ankakhala miyezi osalipidwa, ndiye ankalanda chakudya. Ankasamutsa midzi mokakamiza, kugwira anyamata m'misewu kuti akhale asilikali, ndi kupha anthu ongowaganizira kuti amadyetsa adani.

Asilikali a Zimbabwe ankakatani kumeneko?

Ankakateteza m'mero mwa dziko lino. Zimbabwe ilibe nyanja, ndipo doko lapafupi ndi Beira. Kuchokera kumeneko kumabwera zinthu zitatu zoyenda limodzi: msewu, njanji, ndi paipi ya mafuta yotalika pafupifupi makilomita 290 yofika ku Feruka pafupi ndi Mutare. Masiku ano paipiyo inapitirira mpaka ku Msasa kuno ku Harare. Mu Disembala 1982 matanki a mafuta ku Beira anaphulitsidwa, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho anthu a m'Harare anaidyera pamizere ya petulo. Njira ya Beira ikatsekeka, katundu yense ankayenera kudzera ku South Africa, ndipo n'zimene Pretoria inkafuna.

Asilikali anayamba kupita kumapeto kwa 1982, ndipo pachimake anafika pafupifupi 10,000. Mu Ogasiti 1985, mothandizana ndi a Mozambique, analanda likulu la Renamo lotchedwa Casa Banana ku Gorongosa. Kumeneko anapeza mabuku a mlembi wa Dhlakama osonyeza kuti South Africa inkatumizabe zida pambuyo pa Nkomati. Chipambano chimenecho chinaonetsanso vuto lenileni la nkhondoyi: malowo atasiyidwa m'manja mwa asilikali a Mozambique, anjala ndi osowa zipolopolo, Renamo inawalandanso kumayambiriro kwa 1986, mpaka a Zimbabwe anachita kubwereranso. Kulanda msasa kunali kotheka. Kuusunga n'kumene kunkavuta.

Kwa ife, njira yofunika kwambiri inali ya ku Tete. Madalaivala ankasonkhana ku Nyamapanda m'mamawa, malole n'kundondozana, magalimoto ankhondo patsogolo, pakati ndi pambuyo, kudzera ku Changara, pamlatho wa Zambezi ku Tete, ku Moatize mpaka ku Zóbuè, pamalire a Mwanza. Lole ikawonongeka panjira, mdipiti sunkaidikira nthawi yaitali. Asilikali atachoka pamsewuwu potsatira pangano la Disembala 1990, ambiri anayamba kuzungulira ku Chirundu, Lusaka ndi Chipata.

Renamo inabwezera kuyambira 1987 pomawoloka malire n'kumapha ndi kuba anthu ku Chipinge, Chiredzi, Nyanga, Rushinga ndi Mount Darwin. Mabanja a m'mbali mwa malire ankagona pafupi ndi misasa ya asilikali kapena kutchire.

Nanga Malawi inali mbali iti?

Funso ili limawawa, ndipo yankho lake lili pawiri. Boma la Dr Kamuzu Banda linali paubale ndi South Africa kuyambira 1967, ndipo Mozambique inkanena kuti Renamo imadutsa ndi kubisala m'Malawi. A Banda ankakana. Mu Seputembala 1986 a Machel, a Robert Mugabe ndi a Kenneth Kaunda anapita ku Blantyre kukawachenjeza, ndipo a Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana Malawi. Patangopita milungu yochepa, Renamo inalanda maboma angapo ku Zambézia ndi Tete, m'mphepete mwa Malawi.

Pa 19 Okutobala 1986 ndege ya a Machel, pochokera kumsonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, inagwa ku Mbuzini m'malire a South Africa. Anafa pamodzi ndi anthu ena oposa 30. Kafukufuku wa South Africa analoza chala oyendetsa ndege, pamene a Soviet Union anati ndegeyo inasocheretsedwa ndi chizindikiro chabodza cha wailesi. Kuno ku Harare achinyamata okwiya anawononga maofesi a South African Airways ndi Air Malawi, nagenda ofesi ya kazembe wa Malawi. Matchona amene anagwira ntchito m'dziko lino moyo wawo wonse, osadziwa kanthu za ndale za ku Lilongwe, anayenda ndi mantha masiku amenewo.

Mbali inayo ndi iyi. Malawi inavulala ndi nkhondoyi kuposa mayiko ambiri. Njanji zake zonse ziwiri, ya ku Beira yodzera pamlatho wa Dona Ana ndi ya ku Nacala, zinaleka kuyenda, ndipo fodya, tiyi ndi feteleza zinkazungulira mpaka ku Durban pamtengo wokwera kwambiri. Mu Disembala 1986 mayiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya Nacala, ena n'kufera komweko.

Othawa nkhondo anapita kuti, ndipo ankakhala bwanji?

Ochuluka anapita ku Malawi: anthu oposa 1 miliyoni pofika 1992, m'dziko limene eni ake anali osakwana 10 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Kunali misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, Kunyinda ku Chikwawa, Muloza ku Mulanje ndi Chifunga ku Mwanza. Ku Dedza ndi Ntcheu ambiri sanalowe mumsasa n'komwe. Kumeneko malire ndi msewu chabe, chinenero n'chimodzi, mafuko ndi amodzi, ndiye mafumu anangowapatsa malo pambali pa abale awo. Ngati tikufuna kutchula chipambano cha nthawi imeneyo, ndi chimenechi. Anthu osauka anagawana chitsime, nkhuni ndi manda ndi anzawo, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuno ku Zimbabwe kunali misasa isanu: Tongogara ku Chipinge, Chambuta ku Chiredzi, Nyangombe ku Nyanga, ndiponso Nyamatikiti ndi Mazowe River Bridge chakumpoto chakum'mawa. Tongogara ikadalipo, ikusunga othawa a mayiko ena. Ambiri sanalembetse. Analowa m'mafamu a fodya, m'minda ya tiyi ndi nzimbe, ena n'kufika ku Mbare kudzagulitsa malonda.

Chakudya chamumsasa chinali ufa, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Mtedza umaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma utasowa m'misasa ya ku Malawi kunabuka matenda a pellagra, ndipo mu 1990 odwala anaposa 18,000. Chifukwa chake n'chakuti chimanga chokha sichipatsa thupi vitamini B3 wokwanira. Khungu la m'khosi ndi m'manja, pomwe pamawomba dzuwa, limada n'kusweka, munthu amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonekera. Anathana nawo pobwezeretsa mtedza, kugawa mapiritsi, ndi kuthira mavitamini muufa. Kolera nayenso ankabuka kawirikawiri chifukwa cha kuchepa kwa zimbudzi ndi madzi abwino, ndipo mapiri ozungulira misasa anayera mbee chifukwa cha nkhuni.

Anafa anthu angati?

Chiwerengero chimene chimatchulidwa kwambiri ndi 1 miliyoni. Ambiri mwa iwo sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi njala ndi matenda, chifukwa minda inasiyidwa, malole a chakudya ankatenthedwa, ndipo chipatala chapafupi chinali phulusa. Ena mamiliyoni angapo anathawira m'matauni ndi m'mbali mwa njanji m'dziko lawo lomwelo. Nsanamira za magetsi ochokera ku Cahora Bassa zinagwetsedwa mazanamazana, moti damu lalikulu chotero linakhala zaka zambiri likugwira ntchito pang'ono chabe. Ku Gorongosa nyama zikuluzikulu zinatha kupitirira 90 pa 100 zilizonse, njovu zikuphedwa kuti minyanga igule zida. N'chifukwa chake mwa njovu zazikazi zimene zinapulumuka kumeneko, pafupifupi theka zinali zopanda minyanga.

Kodi a Naparama anali ndani?

Anali anthu wamba a ku Zambézia ndi Nampula amene anatopa n'kuthawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mnyamata wina, Manuel António, ankatema anthu mphini n'kupaka mankhwala, ponena kuti chipolopolo sichiwalowa. Ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, akuimba, atamanga nsalu zofiira, ndipo asilikali a Renamo, amenenso ankakhulupirira za mizimu, nthawi zambiri ankathawa. Anamasula midzi yambiri m'kanthawi kochepa. Manuel António anaphedwa mu Disembala 1991, ndipo gululo linagawikana, ena n'kuyamba kulanda anthu omwe ankawateteza.

Mtendere unabwera bwanji?

Unayamba ndi atsogoleri a mipingo, pa nthawi imene kungotchula zokambirana ndi Renamo kunali ngati kuukira boma. Mu 1989 Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, Kadinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican anakumana ndi atsogoleri a Renamo ku Nairobi, a Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa a Machel, atavomereza. A Mugabe ndi a Daniel arap Moi a ku Kenya anayesa kukhala ankhoswe, koma Renamo sinkakhulupirira Zimbabwe ndipo boma silinkakhulupirira Kenya. Msonkhano umene unakonzedwa ku Blantyre mu Juni 1990 unalephereka.

Mwezi wotsatira anakumana ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Ankhoswe anali anayi: Andrea Riccardi, bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkibishopu Gonçalves. Boma linatsogozedwa ndi Armando Guebuza, Renamo ndi Raul Domingos. Zinatenga miyezi 27. Kuona maso a nkhono n'kudekha: miyezi yambiri inathera pa funso limodzi, lakuti kodi Renamo ivomereza kuti boma ndi boma, ndipo boma livomereza kuti Renamo ndi chipani.

Zinthu zina zinakankha. Soviet Union inaleka kuthandiza Frelimo, ulamuliro wa tsankho ku South Africa unali kugwa, ndipo mu Novembala 1990 Mozambique inalandira malamulo atsopano olola zipani zambiri. Kenako chilala cha 1992, chimene a kuno amachikumbukira ndi ufa wachikasu, chinaumitsa minda imene Renamo inkadyamo. Mu Januwale 1992 a Mugabe anakumana ndi Dhlakama ku Malawi, Tiny Rowland wa kampani ya Lonrho, imene inali ndi gawo papaipi ya Beira, akuyendetsa uthenga ndi kupereka ndege. Mu Ogasiti a Chissano ndi Dhlakama anagwirana chanza ku Rome, ndipo mu Okutobala anasaina.

Mapangano ambiri amasweka. Ili linagwira bwanji?

Linagwira chifukwa cha ntchito yosaoneka bwino m'nyuzipepala. Ku Angola chisankho chinachitika mu Seputembala 1992 magulu onse akadali ndi mfuti, ndipo wogonja anabwerera kutchire. Bungwe la United Nations linatolapo phunziro. Nthumwi yake ku Mozambique, Aldo Ajello, inakankhira chisankho kutsogolo ndi chaka chathunthu kuti asilikali ayambe atula zida.

Dongosolo linali lotere. Asilikali a Zimbabwe ndi Malawi anachoka mu 1993, ndipo njira zinalonderedwa ndi a mayiko ena: Italy ku Beira, Botswana ku Tete, Bangladesh ku Nacala, Zambia ku Limpopo. Panakhazikitsidwa malo 49 osonkhanirako asilikali. Aliyense ankalembedwa dzina, kupereka mfuti, kulandira zovala, khasu, mbewu ndi ndowa, n'kukwezedwa galimoto mpaka kuboma limene wasankha yekha. Chofunika koposa, ankalipidwa kwa zaka ziwiri: miyezi 6 ndi boma, miyezi 18 ndi mayiko othandiza, ndalama zake akukatapa kubanki miyezi iwiri iliyonse. Munthu woyembekezera malipiro mwezi wamawa sathamangira kutchire, ndipo pomwe zaka ziwiri zimatha amakhala atakolola kawiri, mwinanso atakwatira. Pafupifupi 92,000 anatula zida motero. Renamo nayo inapatsidwa thumba la ndalama kuti isanduke chipani, ikhale ndi maofesi ndi magalimoto.

Zolakwika zinalipo. Asilikali anakhalitsa m'malo osonkhanira mpaka anayamba kutseka misewu ndi kugwira akuluakulu awo, pofuna kuti awamasule msanga. Gulu lankhondo latsopano linayenera kukhala la anthu 30,000, theka mbali iliyonse, koma odzipereka anali pafupifupi 12,000 okha, chifukwa anyamata anali atatopa. Mfuti zambiri zinakwiriridwa m'tchire osaperekedwa. Zina zinafukulidwa pambuyo pake ndi apolisi a Mozambique ndi South Africa, zina ndi mipingo, imene kuyambira 1995 inkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata.

Chisankho chinachitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Dhlakama analengeza usiku woti mawa kuvota kuti watuluka, koma anthu anapitabe kukaima pamizere, ndipo atsogoleri a mayiko oyandikana nawo ndi akazembe anamubweza. A Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 aliwonse, Dhlakama pafupifupi 34. M'nyumba ya malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Othawa nkhondo pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo, ambiri a ku Malawi wapansi, osadikira galimoto ya UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, kuti akapeze mvula yoyamba ali kumunda.

Amene anapha anthu analangidwa?

Ayi. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhululukira onse, mbali zonse ziwiri. Sikunakhale makhoti kapena bungwe lomva maumboni ngati la ku South Africa. Ntchito yolandira obwerera inatsalira mabanja, mafumu, asing'anga ndi mipingo. M'madera ambiri mnyamata wochokera kunkhondo sankalowa m'nyumba tsiku lomwelo. Zovala zake zinkatenthedwa, ankasambitsidwa mankhwala, makolo ankathira nsembe kudziwitsa mizimu kuti mwana wabwera, ndipo kuyambira pamenepo za kunkhondo sizinkatchulidwanso.

Njira imeneyi inaletsa kubwezerana, ndipo sitiipeputsa. Koma inasenzetsa katundu wolemera anthu amene analakwiridwa kwambiri. Mayi amene anagwidwa ali mtsikana n'kubwera ndi mwana wa msilikali sanapepesedwe ndi aliyense. Wodulidwa makutu ankakumana ndi womudulayo pamsika. Ku Gorongosa, zaka zingapo pambuyo pake, kunabuka mizimu yotchedwa magamba, ya asilikali akufa, imene inkagwira anthu n'kumaulula pagulu zimene zinachitika. Zimene malamulo anakwirira zinatulukira kwa sing'anga.

Ndiye nkhondo inatheratu mu 1992?

Yaikulu inatha. Koma Renamo inasunga asilikali ena ponena kuti ndi olondera mtsogoleri, ndipo inkadandaula za kubera mavoti ndi kusalidwa pa maudindo. Mu 2013 kuwomberana kunayambiranso, makamaka pamsewu waukulu pakati pa Muxúnguè ndi mtsinje wa Save. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira kumsasa wa Luwani. Dhlakama anamwalira ndi matenda ku Gorongosa pa 3 Meyi 2018. Womulowa m'malo, Ossufo Momade, anasainirana pangano lina ndi a Filipe Nyusi, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu Juni 2023.

Tikapita kumudzi, mabomba okwirira akadalipo?

Mozambique inalengeza mu Seputembala 2015 kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa, ntchito imene anagwira mabungwe ngati HALO Trust ndi APOPO, awa ogwiritsa makoswe onunkhiza. Mawu oti "yodziwika" muwamvetse. Zipolopolo za mizinga ndi mabomba oponya pamanja zimapezekabe polima kapena pokumba maziko. Ndiponso mbali ya Zimbabwe ya malire ili ndi mabomba ake, amene anakwiriridwa ndi asilikali a Rhodesia m'ma 1970, kumadera ngati Mukumbura, Rushinga ndi Sango, ndipo kuchotsa kwake kwatenga zaka zambiri.

Choncho musadutse malire panjira zachidule zimene eni dera sayendamo. Zikwangwani zofiira, miyala yopakidwa utoto wofiira ndi mafupa a ng'ombe patchire losalimidwa ndi machenjezo. Madzi osefukira amasuntha mabomba, ndiye khwawa limene linali labwino chaka chatha likhoza kusintha. Mukaona chitsulo kapena pulasitiki yokayikitsa, imani pomwepo, chenjezani anzanu, musachigwire, musachigende, musachitenthe. Dziwitsani mfumu ndi apolisi. Bomba lokalamba silifooka, limangokhala losachedwa kuphulika. Mphekesera yoti m'kati mwake muli mankhwala ofiira ogulitsidwa ndalama zambiri ndi bodza, ndipo yapha anthu amene ankayesa kulitsegula.

Makolo anga anabwera nthawi ya nkhondo, chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Ndingatani?

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la m'bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa la SADC, monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo iye ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Pitani ku ofesi yolembetsa anthu, monga ku Makombe Building kapena yaboma lanu, ndi setifiketi yakubadwa yaitali, chitupa chakale, ndi mapepala alionse a makolo. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusowa setifiketi yakubadwa, makamaka obadwira m'mafamu ndi m'misasa. Zikatero yambani ndi imeneyo: funani khadi la kuchipatala kapena la sikelo, kalata ya kusukulu yoyamba, khadi la ubatizo, ndi achibale okhala ndi zitupa oti akaikire umboni. Onetsetsaninso kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi papepala lililonse, chifukwa dzina limodzi limatha kulembedwa Chipwitikizi pena, Chishona pena.

Tingawapeze bwanji abale amene tinasiyana nawo?

Yambani ndi agogo akadali moyo, lero lomwe, cholembera chili m'manja. Afunseni dzina lawo lakumudzi ndi laubatizo, mfunda wawo, mayina a makolo ndi alongo awo, dzina la mfumu, mtsinje ndi phiri lapafupi, mishoni imene ankapemphera, ndi msasa umene anafikira. Dzina la mfumu ndi la mtsinje n'zothandiza kuposa la mudzi, chifukwa midzi yambiri inasamutsidwa kapena kutchedwa mayina atsopano. Matauni nawonso anasintha: Vila Coutinho ndi Ulónguè, Vila Pery ndi Chimoio, Vila Cabral ndi Lichinga.

Mukatero pitani ku Zimbabwe Red Cross Society mukafunse za ntchito yolumikizanitsa mabanja. Salipiritsa, ndipo amatumiza pempho kwa anzawo a ku Mozambique kapena ku Malawi. Ansembe ndi abusa akhoza kulembera parishi yakwanuko kuti ayang'ane m'mabuku a ubatizo, ngakhale ena anapsa pankhondo. Mabungwe a maliro a anthu ochokera dera limodzi, ndi madalaivala a mabasi odzera ku Nyamapanda, amadziwa amene amapita kumeneko kawirikawiri. Mukaika chithunzi pa Facebook kapena WhatsApp, musalembepo zonse. Sungani mfundo imodzi kapena ziwiri, monga dzina la mlongo wa agogo, zoti woyankhayo azitchule yekha musanamutumizire ndalama ya ulendo.